Mlandu suola, koma munthu amakalamba

Akuluakulu adati mlandu suola. Mawuwa timawakonda chifukwa amatitonthoza mtima kuti kaya papite zaka zingati, tsiku lidzafika loti choona chidzakhale pambalambanda. Koma mwambiwu sunena kanthu za mwini mlandu. Iyeyo amakalamba, mano amagweluka, maso amachita mdima, mapeto ake amakamuika m'manda mlandu wake udakali gwa m'kabati ya boma. Tsono funso langa ndi ili: boma likabwera patapita zaka 60 kapena 100 n'kunena kuti tidalakwitsa, msilikali uja tidamchotsa ntchito mopanda chilungamo, nayi kalata ina, kodi labweza chiyani? Nanga labwezera yani?

Nkhaniyi kwawo kwenikweni ndi ku America. Kumeneko msilikali aliyense potuluka m'gulu lankhondo amapatsidwa chikalata, chimene kuyambira mu 1950 chimatchedwa DD 214. Pa chikalatacho pali kamalo kamodzi pomwe amalembapo mmene munthuyo watulukira. Matulukidwe ake alipo 5. Pamwamba pali kutuluka mwaulemu, pansi penipeni pali kuchotsedwa mwamanyazi, ndipo awiri apansiwo saperekedwa popanda chigamulo cha khoti la asilikali. Ovuta ndi apakatiwo, makamaka aja onena kuti munthu watuluka mosakhala mwaulemu, poti amenewa akuluakulu a usilikali atha kukulembera popanda khoti. Ndi mawu ochepa chabe, osadzaza ndi mzere womwe. Koma kawirikawiri mawu amenewo ndiwo amatsegula kapena kutseka khomo la chipatala cha asilikali opuma, ndalama za sukulu, ngongole ya nyumba, ngakhalenso manda a asilikali. Naye bwana wolemba ntchito amafunsa chikalata chomwecho. Inu amene mudayendapo m'maofesi ndi envulopu ya khaki kukhwapa mukudziwa mmene kalata ya kumene udachokera imakuyankhulira iwe usadatsegule pakamwa.

Tiyeni tipite ku Brownsville, tauni ya ku Texas, m'malire ndi Mexico. Kumapeto kwa July 1906 kudafika asilikali akuda a gulu la 25th Infantry n'kukhala pa kampu ya Fort Brown. Azungu a m'taunimo sadawafune ngakhale pang'ono. M'mabala ambiri ankawakaniza kulowa, ndipo msilikali wina adamenyedwa ndi mfuti m'mutu, ati chifukwa sadapatukire bwino amayi achizungu panjira. Usiku wa pa 13 August, cha pakati pa usiku, mfuti zidalira m'tauni kwa mphindi ngati 10. Wogulitsa m'bala mmodzi adafa, wapolisi adavulala mpaka adamdula mkono. Kutacha, zala zonse zidaloza ku kampu. Ena adati adawaona asilikaliwo mumdima womwewo, ena adabwera ndi makoko a zipolopolo za mfuti za boma, ati adawatola mumsewu. Koma akuluakulu a pakampupo, omwe adali azungu, ataitana maina usiku womwewo adapeza kuti palibe wosowa, ndipo atayendera mfuti m'mamawa adazipeza zili zoyera. Bwalo la m'deralo lidalephera kupeza ndi mmodzi yemwe woti n'kumzenga mlandu.

Apa boma lidachita chinthu chimene kwa ine ndicho chimake cha nkhani yonseyi. Asilikali onse adauzidwa kuti atchule amene adaombera. Onse adati sakudziwa. Ofufuza adati: eya, kusadziwako ndiye umboni wake, mwapangana kuti mukhale chete. Taganizani abale. Ukatchula dzina, mlandu wapezeka. Ukati sindikudziwa, mlandu wapezekabe poti ukubisa. Khomo lotulukira lili pati? Pulezidenti Theodore Roosevelt adalamula kuti asilikali 167 achotsedwe opanda ulemu ndipo asadzalembedwenso usilikali. Padalibe khoti, padalibe loya, padalibe mboni yoti aifunse mafunso. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, adatero maganizo ake, chonsecho ndi imodzi yoolayo sadaipeze m'dengumo. Lamulolo lidali litakonzeka, koma adalisunga kaye mpaka chisankho cha aphungu cha November 1906 chitadutsa, poti masiku amenewo anthu akuda ambiri ankavotera chipani cha Roosevelt. Ndale sizidayambe lero.

M'gulu la ochotsedwawo mudali Sajeni Mingo Sanders, yemwe adalowa usilikali mu 1881. Adamenya nkhondo ku Cuba mu 1898 ndiponso ku Philippines. Zimanenedwa kuti ku Cuba komweko iye adagawirako chakudya asilikali a Roosevelt yemweyo njala itawapana, mkuluyo asadakhale pulezidenti. Sanders adali atatumikira zaka zoposa 25, penshoni ataiyandikira ndithu. Zonse zidapita ndi siginecha imodzi. Phungu wa ku Ohio, Joseph Foraker, adawayankhulira m'nyumba ya Senate mpaka kudana ndi pulezidenti wa chipani chake chomwe. Mu 1910 bwalo lofufuza lidalola anthu 14 okha kuti atha kubwerera ku usilikali, osafotokoza chimene 14 amenewa adasiyana nacho ndi anzawo. Sanders sadali m'gulumo. Adamwalira mu 1929, dzina lake likadali ndi thope.

Nkhani idagona tulo mpaka mu 1970 pomwe mlembi wina, John D. Weaver, adatulutsa buku lotchedwa The Brownsville Raid. Bambo ake a Weaver adagwirapo ntchito yolemba zokambidwa pa bwalo lofufuza lija, ndipo iye atafukula mafailo adaonetsa kuti umboni wonse udali wamchenga. Phungu wakuda wa ku Los Angeles, Augustus Hawkins, adainyamula nkhaniyo kupita nayo ku nyumba ya malamulo. Pa 28 September 1972 nduna yoona za asilikali apamtunda, Robert Froehlke, idalamula kuti zikalata zonse 167 zisinthidwe, zilembedwe kuti anthuwa adatuluka mwaulemu. Padali patapita zaka 66.

Atafufuza kuti akampatse yani kalata yatsopanoyo, mwa onse amene sadabwezedwepo ku usilikali adapeza wamoyo mmodzi yekha. Dzina lake Dorsie Willis, wa ku Minneapolis. Adachotsedwa ali mnyamata wa zaka 20. Moyo wake wonse kuchokera pamenepo adaupereka ku tsache ndi bulashi, kusesa ndi kupukuta nsapato za anthu m'malo ometera tsitsi. Pa 11 February 1973, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 87, mkulu wina wa asilikali adapita kutchalitchi kwake, Zion Baptist, n'kukampepesa pamaso pa mpingo ndi kumpatsa chikalata chaulemu. Willis ankanena mpaka ukalamba wake kuti iwo adakhala chete chifukwa adalibe choti anene.

Tsono nkhalamba imeneyi idalandira chiyani tsiku limenelo?

Ndidamvapo anthu ena, makamaka opemphera ndi okonda nzeru zakuya, akunena kuti ulemu weniweni uli mumtima, pepala silingauchotse ndipo silingaubweze. Willis adali waulemu mu 1906, adali waulemu ali chogwada kupukuta nsapato, ndiye kalata ya 1973 siidaonjezere kanthu. Mawu okoma zedi, oyenera paguwa. Koma Chichewa chathu chomwechi chikuwatsutsa. Timati kupatsa munthu ulemu, kumchotsera ulemu, kumlandira mwaulemu. M'chiyankhulo chathu ulemu ndi chinthu choyenda, chochoka m'manja mwa wina kupita kwa wina ngati chikho cha madzi. Ulipo inde uja wodzidziwa wekha mumtima kuti sindidalakwe, koma umenewo sugula ufa. Umene umalembetsa ntchito, umene umakwezetsa mwana wako mutu pakati pa anzake, ndi uja wochokera kwa anthu, ndipo umenewo boma lingathe kuulanda ndithu. Lidaulandadi. Mvula ikakuona litsiro siikata: kulikonse komwe Willis akadagogoda kufuna ntchito yabwinopo, chikalata chija chikadayamba ndicho kulowa.

Ena amaima mbali inayo. Iwo amati madzi akatayika saoleka, ndiye zonsezi ndi zisudzo chabe. Zaka za unyamata wa Willis sizidabwerere. Sanders sadadzuke kudzalandira penshoni. Boma langodzisambitsa m'manja ndi sopo wotchipa, eti, anthu aziti taonani dziko lovomera kulakwa. Amenewa ndimawamvetsa kwambiri, ndipo ndidzabwerera kwa iwo. Koma pali chimodzi chimene akuphonya.

Bodza la pakamwa limafa ndi mwini wake. Miseche ya pachitsime imatha akamwalira amene ankaidya. Koma bodza lolembedwa ndi boma silitopa. Tsiku lililonse limene failo ija ili pashelefu, boma likunenabe kuti Mingo Sanders adali munthu wopanda ulemu. Lidanena mu 1906, lidanenanso tsiku la maliro ake, linkanenabe kwa mdzukulu aliyense wopita kukafunsa za agogo ake. Choncho kusintha chikalatacho si kukonza cholakwa chakale chokha ayi, ndi kusiya cholakwa chimene chikuchitika lero lomwe. Munthu akakuponda phazi kwa ola lathunthu, kuchotsa phazi lakelo sikuchiza chala chako, komabe palibe wanzeru amene angati poti chala chatupa kale, apondebe basi. Apa ndi pamene ndimaona kuti kalata yatsopanoyo imanena zambiri za boma kuposa za msilikali. Msilikaliyo sadasinthe. Amene wasintha ndi mboni yonama imene yabwera kudzabweza mawu ake.

Ndipo ngati ndi mboni yonama, ibwere ngati mboni yonama, osati ngati mfumu yachifundo. Apa mpamene mawu awiri amene anthu amawasokoneza ayenera kulekanitsidwa: kukhululukira ndi kuyeretsa dzina. Wokhululukidwa ndi wolakwa amene wachitiridwa chisoni. Woyeretsedwa dzina ndi wosalakwa amene adanamiziridwa. Pa 17 July 1944, pa doko la Port Chicago ku California, zida zankhondo zimene zinkapakiridwa m'sitima zapamadzi zidaphulika n'kupha anthu 320, mwa iwo 202 asilikali akuda, poti ntchito yonyamula mabomba ndi manja inkapatsidwa kwa akuda. Patangopita masabata atatu, otsalawo adauzidwa kuti ayambirenso kupakira, kagwiridwe ka ntchito kali komwe kaja. Anthu 258 adakana. Mwa iwo 50 adapezeka olakwa pa mlandu woukira. Mu 1999 Pulezidenti Bill Clinton adakhululukira mmodzi wa iwo, Freddie Meeks, yemwe adachita kupempha. Koma ena mwa anzake sadafune n'komwe kupempha chikhululukiro. Maganizo awo adali akuti: mundikhululukira chiyani poti sindidalakwe? Adafuna kuyeretsedwa dzina. Zimenezo zidachitika pa 17 July 2024, pomwe nduna yoona za asilikali apamadzi, Carlos Del Toro, idalengeza kuti anthu 256 adalibe mlandu. Padali patatha zaka 80 ndendende, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe wamoyo woti amve.

Ine sindingamuweruze Meeks. Munthu wa zaka pafupifupi 80, thupi likukana, akalandira theka la chimene ayenera kulandira sitingamutche wogulitsa anzake. Koma sindingathenso kuwanena okanawo kuti adali ouma mutu. Iwo adaona msampha umene uli m'mawu akuti chikhululukiro: umatuluka m'ndende koma utasaina kuti udayenera kulowamo.

A ku Britain adaonetsa msamphawu poyera. Mu 2006 nyumba yawo ya malamulo idakhululukira asilikali 306 omwe adaomberedwa ndi anzawo omwe pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri pa milandu ya mantha ndi kuthawa nkhondo. Mmodzi wa iwo, Harry Farr, adagonapo m'chipatala miyezi ingapo mutu utasokonezeka ndi kulira kwa mizinga, koma adamuombera mu October 1916 ati ndi wamantha. Mwana wake wamkazi adadikira nkhani imeneyi mpaka ali ndi zaka 93. Koma lamulo lomwelo lokhululukiralo lidanenetsa kuti chigamulo cha khoti ndi chilango chake sizikufufutidwa. Dzanja limodzi likupereka, linalo lagwirabe.

Makolo athu pa nkhani imeneyi adali ndi kanthu kena kamene maboma amakono amakazemba. Sindikuyamikira mwabvi, udapha anthu osalakwa osawerengeka. Koma taonani chimene chinkachitika wonamiziridwa akasanza: woneneza uja ankalipira. Ankalipira pabwalo lomwelo, pamaso pa anthu omwe aja adamva chinenezocho, ndipo ankalipira ndi chinthu chogwirika, chopweteka kuchitulutsa m'khola. Kupepesa kopanda dipo kudali kusewera. Pomwe mu 1972 asilikali a America posintha zikalata za ku Brownsville adanenetsa kuti sipakhala malipiro a m'mbuyo. Pepala kusinthana ndi pepala, basi.

Tsopano ndimvereko mbali ya sajeni wachikulire amene angandiimitse apa. Iye angati: mwanawe, usilikali umayenda ndi mwambo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Padali anyamata awiri m'dzenje limodzi, mizinga ikugwa. Wina adakhala, wina adathawa. Wokhalayo nayenso mantha adali nawo, nayenso adali ndi mayi kumudzi. Mukawapatsa onse awiri chikalata chofanana, mudzamuuza chiyani wokhala uja? Nanga mnyamata wa mawa adzakhaliranji m'dzenjemo?

Funso limeneli si lopepuka ndipo amene amaliyankha mothamanga sadaliganizire. Chikalata chaulemu chili ndi mtengo chifukwa si onse amachilandira. Koma mtengowo umadalira chinthu chimodzi: kuti sikelo yoyezera ikhale yoona. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a America adali ndi chikalata china chosindikizidwa pa pepala lobiriwira ngati thambo, chimene sichinkanena kuti munthu watuluka mwaulemu kapena mwamanyazi. Chinkaperekedwa popanda khoti, koma wochilandira ankamanidwa thandizo la asilikali opuma ndipo olemba ntchito ankachiona ngati khate. Pakati pa December 1941 ndi June 1945 adapereka zikalata zotere 48,603, ndipo 10,806 mwa izo zidapita kwa akuda. Ndiye kuti pa zikalata 100 zilizonse, 22 zidagwera anthu omwe sankakwana ndi 7 omwe pa asilikali 100. Sikelo yotere sikuyeza khalidwe, ikuyeza khungu. Ndipo sikelo yakuba imaononga ndi malonda a wogulitsa wachilungamo yemwe, poti anthu amasiya kukhulupirira kilo. Amene akufuna kuti chikalata chaulemu chikhalebe ndi tanthauzo ndiye ayenera kukhala woyamba kufuna kuti zolembedwa molakwika zikonzedwe.

Komabe si milandu yonse ili yoyera ngati wa ku Brownsville. Wa ku Houston ndi wolemera kuunyamula. Pa 23 August 1917 asilikali akuda a gulu la 24th Infantry, atatopa ndi nkhanza za apolisi ndiponso atamva mphekesera yoti mnzawo waphedwa, adatenga mfuti n'kulowa mumzinda. Anthu oposa 15 adafa usiku umenewo, ena apolisi, ena anthu wamba ongodziyendera. Apa mfuti zidaliradi ndipo adaziliza ndi asilikali. Makhoti a asilikali adapeza anthu 110 olakwa, 19 adanyongedwa. Oyamba 13 adanyongedwa mwachinsinsi pa 11 December 1917, mlandu wawo usadaonedwenso ndi wina aliyense wapamwamba. Pa mlandu woyambawo anthu 63 adaimiridwa ndi munthu mmodzi. Mu November 2023 nduna Christine Wormuth idafufuta zigamulo zonse 110 ndipo zikalata zawo zidasinthidwa kukhala zaulemu.

Mtima wanga sukhazikika kwenikweni pamenepa, ndipo sindibisa. Mwa 110 amenewo n'kutheka kuti mudali ena amene adaphadi munthu wosalakwa, ndipo ophedwawo nawonso adasiya ana. Koma taonani chimene boma lidanena mu 2023. Silidati palibe adaombera. Lidati milanduyo siidazengedwe mwachilungamo. Mwayi wodziwa amene adachita ndi amene sadachite udalipo mu 1917, ndipo amene adautaya ndi boma lomwelo pothamangira chingwe. Ukasakaniza wekha mpunga ndi mchenga, sungalamule kuti mpungawo uzitchedwa mchenga chifukwa chakuti kusankha kwakuvuta. Kukayika kumene kwatsalako kuyenera kusenzedwa ndi amene adaononga mlandu, osati ndi amene adanyongedwa.

Pali gulu linanso, lalikulu kuposa onsewa, limene nkhani zake sizilembedwa m'mabuku. Awa ndi asilikali amene adalakwadi: adaledzera pantchito, adamenyana, adasuta zoletsedwa, adasowa pa kampu masabata angapo. Palibe adawanamizira. Koma ambiri a iwo adayamba zimenezi atabwera kunkhondo mutu utavulala mkati, usiku osagona, akumva mabomba m'tulo. Matendawa madokotala adawavomereza ndi kuwapatsa dzina lakuti PTSD mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha kale, anyamata zikwizikwi atachotsedwa kale ndi zikalata zoipa. Ndipo zidapitirira. Mu 2017 ofesi yolondoloza ntchito za boma la America, ya GAO, idapeza kuti mwa asilikali 91,764 ochotsedwa chifukwa cha khalidwe pakati pa 2011 ndi 2015, 62 pa 100 alionse adali atapezeka ndi matendawa, kapena kuvulala kwa ubongo, kapena vuto lina lofanana nalo, m'zaka ziwiri asadachotsedwe. Zili ngati munthu wobwereka khasu lako, walithyola m'munda mwake, kenaka akulibweza uku akukudandaulira kuti khasu lako n'lothyoka. Choipitsitsa n'chakuti chikalata choipacho chinkatseka khomo la chipatala chomwe chikadamchiza munthuyo. Mu September 2014 nduna ya zachitetezo, Chuck Hagel, idalamula mabungwe oona za zikalatazi kuti azimva ndi khutu lofewa madandaulo a asilikali otere. Si kuti aliyense wonena kuti nkhondo idandisokoneza ayeretsedwe ayi. Wogwirira mkazi kapena wozunza mkaidi asabisale kumbuyo kwa odwala. Chofunika n'chakuti munthu aliyense aonedwe payekha, ndi dzina lake, ndi nkhani yake, chimene anthu 167 aja adamanidwa.

Njira yake ilipo, ndipo tiyenera kuwayamikira a ku America kuti adaikhazikitsa. Kale munthu wofuna kukonzetsa mbiri yake ya usilikali ankayenera kupeza phungu woti akampemphere lamulo lakelake m'nyumba ya malamulo. Mu 1944 adakhazikitsa mabungwe ounikanso zikalata, otchedwa Discharge Review Board, ndipo mu 1946 adaonjezera ena amphamvu zoposa, okonza zolakwika zilizonse m'mafailo a asilikali. Ku bungwe loyambalo uyenera kudandaula zisadathe zaka 15 chichotsedwere, polemba fomu ya DD 293. Zikapitirira, kapena ngati adakuchotsa ndi khoti lalikulu la asilikali, upite ku lachiwirilo ndi fomu ya DD 149. Bungwe lachiwirili ndi lomwe mu 1976 lidapereka chikalata chaulemu kwa Henry Flipper, wakuda woyamba kutsiriza maphunziro pa sukulu ya usilikali ya West Point, yemwe adachotsedwa mu 1882 n'kumwalira mu 1940.

Koma mabungwewa amayamba ndi ganizo lakuti zimene boma lidalemba n'zolondola mpaka wodandaula ataonetsa umboni wotsutsa. Ndiye kuti katundu yense ali pamutu pa wolakwiridwa. Munthu wopanda ntchito, wosagona tulo, mwina wogona m'misewu, ndiye afunefune mapepala a kuchipatala a zaka 30 zapitazo, apeze mboni, alembe nkhani imene wakhala akuyesetsa kuiiwala. Mafailo ali ndi boma, maloya ali ndi boma, nthawi ili ndi boma. Zoona zimenezo? Wakuba mbuzi ndiye akhale pakhonde kudikira kuti mwini mbuzi abwere ndi kalata yopempha? Kuti zingatheke mwanjira ina zidaoneka posachedwapa. Pakati pa 1994 ndi 2011 asilikali oposa 13,000 adachotsedwa pansi pa lamulo lokhudza amuna kapena akazi okondana okhaokha. Lamulolo litathetsedwa, ambiri sadapite kukadandaula. Mu 2023 unduna wa zachitetezo udayamba kutsegula wokha mafailo, ndipo mu October 2024 udalengeza kuti oposa 800 asinthiridwa zikalata kukhala zaulemu popanda iwo kupempha. Kaya inu mumaiona bwanji nkhani ya anthu amenewa, mfundo yanga ili pa amene adanyamuka kupita kwa mnzake. Wolemba ndiye adapita kukafufuta.

Ndibwerere tsono kwa aja amati zonsezi n'zisudzo. Tawerengani zaka: Brownsville 66, Port Chicago 80, asilikali a Britain pafupifupi 90, Flipper 94, Houston 106. Ine sindikhulupirira kuti choona chimachita kufuna zaka zonsezi kuti chipse ngati dzungu. Foraker adanena zoona za Brownsville mu 1907, anthuwo ali moyo, ali ndi mphamvu zogwira ntchito. Thurgood Marshall, loya yemwe pambuyo pake adadzakhala woweruza wa khoti lalikulu, adanena za Port Chicago mu 1944 momwemo. Chimene chimadikiridwa si umboni. Chimadikiridwa n'chakuti wosaina uja afe kuti asachite manyazi, ndi wolakwiridwa uja afe kuti asafunse ndalama. Kupepesa manda n'kotchipa: manda safunsa penshoni, sapita kwa loya, sakana kugwirana chanza. Ifenso kuno tili ndi kagawo kathu m'nkhani yotere. Agogo athu a King's African Rifles amene adakamenya nkhondo mpaka ku Burma adatuluka usilikali opanda banga, koma mapepala a boma la Britain omwe atolankhani adawaulula mu 2019 adaonetsa kuti ndalama yotsazikira inkawerengedwa potsata khungu: msilikali wamba wachizungu masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, wachiafirika masheleni 3 ndi theka. Pomwe zimenezi zinkaululika n'kuti otsala amoyo ali owerengeka, onse okalamba kwambiri.

Choncho ndikamva kuti boma lakonza chikalata cha msilikali patapita zaka makumimakumi, ndimavomereza kuti lachita choyenera, ndipo likadapanda kutero bodza likadanenedwabe. Koma m'manja sindiomba. Ndimafunsa kaye kuti mafailo a anthu amene akadali moyo, amene angathe kudya penshoniyo ndi kugona m'chipatalamo, ali pa shelefu iti ndipo akuyembekezera maliro a yani.

Za Dorsie Willis, aphungu ena adachita manyazi ndi pepala lopanda kanthu lija. Hawkins ndi Hubert Humphrey adakankha lamulo, ndipo mu January 1974 nkhalambayo idalandira cheke cha madola 25,000. Ndidatenga pensulo n'kugawa ndalamayo ndi masiku onse kuyambira November 1906. Ikukwana dola imodzi pa tsiku, ndi timasenti pang'ono pamwamba. Adamwalira mu 1977 ali ndi zaka 91, ndipo adamuika m'manda a asilikali a Fort Snelling.